Ku Harare, Yambani Mwafunsa za Madzi

Moni abale ndi alongo, inu a kumudzi, inu a kuno ku Zimbabwe, ndi inu amene mukumvera muli ku Joni. Lero tikamba za Harare, kumene agogo athu ankangoti ku Halale. Ambiri amene akufuna kubwera kuno amafunsa za ntchito ndi lendi. Mafunso abwino ndithu, koma loyamba lizikhala ili: m'dera limene ndikagonelo, madzi amatuluka masiku angati pa sabata? Yankho lake lili m'mbiri ya mzindawu, ndiye tiyambire komweko.

Pa 13 Sepitembala 1890 asilikali a British South Africa Company ya Cecil Rhodes anakweza mbendera pafupi ndi kaphiri kotchedwa Kopje, n'kutcha malowo Fort Salisbury. Dzina la Harare linabwera pa 18 Epulo 1982, patatha zaka ziwiri dziko litalandira ufulu. Azungu anatenga mbali ya kumpoto ndi kum'mawa, kumene lero kuli Avondale, Mount Pleasant, Highlands ndi Borrowdale, mapuloti aakulu, mitengo yambiri. Anthu akuda anawaika makamaka kumwera ndi kumadzulo, kuseri kwa njanji ndi mafakitale a Workington ndi Southerton. Mbare inayamba mu 1907, Highfield m'zaka za m'ma 1930, kenako Mufakose, Kambuzuma, Dzivarasekwa, Glen View ndi ena. Mabvuku ndi Tafara okha ndi amene anakankhidwira kum'mawa kwenikweni, kufupi ndi fakitale ya simenti. Malamulo a tsankho anatha, koma mapaipi, misewu ndi kukula kwa mapuloti zinatsala momwemo.

Nanga ankagwira ntchito ndani? Zaka zoyambirira Ashona ambiri anali ndi minda yawo ndipo sankafuna kukhalitsa m'tauni, choncho m'makhitchini, m'mafakitale ndi pa ntchito zosesa mzinda munadzaza anthu ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Ena anayenda wapansi kudutsa ku Tete, ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Kuyambira 1953 mpaka 1963 Salisbury linali likulu la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'zaka zimenezo mzinda unakula mofulumira. Tinene mosabisa, chuma cha chitaganya chinaunjikana kuno, kwathu kunkachokera manja. Nyumba za ku Mbare monga Matapi ndi Nenyere zinamangidwira amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito. Lero chipinda chimodzi chimasunga banja lonse, nthawi zina mabanja awiri ogawana ndi nsalu, zimbudzi n'zomwe zija za kale.

Tsopano madzi. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo damu limene amamwako, Lake Chivero la mu 1952, lili kumunsi kwake pa mtsinje wa Manyame. Mvetsani bwino pamenepa. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa mumzinda, kutenga zonyansa za m'mafakitale ndi suweji yosayeretsedwa bwino yochokera ku malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough, n'kukathira m'damu lomwelo. Kenako madziwo amawapopa kubwerera kumtunda kudzera ku malo oyeretsera a Morton Jaffray. Madzi akuda chonchi amafuna mankhwala amitundu yambiri, ambiri ogula kunja ndi ndalama zakunja. Mankhwala akachepa, kupopa kumachepa. Onjezani mapaipi okalamba amene amataya madzi m'njira, ndi anthu: kalembera wa 2022 anapeza opitirira 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare, kuwerengera Chitungwiza ndi Epworth. Madzi amene amapopedwa sakwana ngakhale theka la ofunika. Madera akutali ndi okwera, monga Mabvuku ndi Tafara, ndi amene amamanidwa koyamba, ndipo kuli nyumba zimene mpopi wake unauma zaka zambiri zapitazo. Damu la Kunzvi limene likuyembekezeka kuthandiza lakhala likukambidwa kuyambira ena a ife tili ana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti madzi obwera atasowa masiku angapo ndi amene ali oopsa kwambiri. Paipi ikakhala yopanda madzi, m'malo mokankhira kunja imayamwa za kunja kudzera m'ming'alu, ndipo m'madera ambiri paipi ya madzi ndi ya suweji zinakwiriridwa moyandikana. Ndiye mpopi ukayamba kulira usiku, musathamangire kudzaza ndowa yakumwa. Oyambawo, ofiirira kapena onunkha, sungirani ku chimbudzi. Akayera tungani, koma musamwe osawateteza. Wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani WaterGuard, kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, mudikire mphindi 30. Ngati madzi ndi a matope, yambani mwawasefa pa nsalu yoyera, chifukwa matope amadya mphamvu ya mankhwala. Sungani m'chigubu cha kukamwa kochepa, osati m'ndowa yoti aliyense azivuikamo kapu ndi dzanja.

Mjigo nawo musaukhulupirire chifukwa choti madzi ake akuoneka oyera. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro inali pakati pa madera okanthidwa kwambiri. Mu Sepitembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mijigo ina ndi zitsime anazipeza ndi tizilombo n'kuzitseka. Chitsime cha pakhomo chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi chokumba, monga zilili ku Epworth ndi Hopley, chimadetsedwa mvula zikangoyamba mu Novembala. Munthu akayamba kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, musadikire kuche. Sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa muli pa ulendo wa ku kiliniki. Odwala kolera ambiri mumzinda muno amawatumiza ku chipatala cha Beatrice Road.

Choncho pokaona chipinda cha lendi, achimwene, musangoyang'ana penti. Funsani alandilodi za tsiku la madzi, kenako mukafunsenso mayi amene akuchapa pakhomo loyandikana, mayankho awiriwo kawirikawiri amasiyana. Onani mtunda wa ku mjigo, ndipo mufunse ngati pamjigopo pali anyamata olipiritsa kuti mudumphe mzere. Funsaninso za magetsi. Kampani ya magetsi ya ZESA imagulitsa mayunitsi olipiriratu, ndipo mtengo umakwera m'magawo: mayunitsi oyamba a mwezi ndi otsika, mukamagula ochuluka mwezi womwewo mtengo umakwera. Pa nyumba ya mabanja anayi a mita imodzi, amene wagula pa 2 amapeza ambiri kuposa amene wagula pa 25 ndi ndalama yofanana, ndipo mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pamenepo. Gwirizanani kuti muzisonkha pamodzi kumayambiriro kwa mwezi. Magetsiwo amadalira damu la Kariba ndi malasha a ku Hwange, ndipo madzi akatsika ku Kariba, monga mu 2019, amatha kuzima maola 18 pa tsiku. N'chifukwa chake pafupifupi khomo lililonse lili ndi kasilinda ka gasi. Gasi amagulitsa pa kilo m'makona a misewu. Onetsetsani kuti silinda yayezedwa isanathiridwe ndi itathiridwa, sikelo mukuiona ndi maso anu.

Za ndalama, dziko lino linapsa kokwanira. Mu Januwale 2009 boma linatulutsa ndalama yapepala ya 100 trillion, ndipo chaka chomwecho linalola dola ya America ndi randi. Mu 2016 kunabwera ndalama zapepala zotchedwa ma bond note, mu 2019 dola ya Zimbabwe inabwerera, mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, imene mu Sepitembala chaka chomwecho inagwetsedwa tsiku limodzi kuchoka pa 14 kufika pa 24 pa dola. Amene anali ndi penshoni ndi mabuku a ku banki anataya thukuta lawo kawiri konse, ndiye musadabwe kuona munthu wa Harare akukana kusunga ndalama ku banki. Lendi, kombi (minibasi) ndi msika zimayenda pa dola ya America. Pogwirizana malipiro, nenani poyera kuti ndi ndalama iti, ndipo ngati n'kotheka zilembedwe. Yendani ndi mapepala a dola imodzi ndi a 5, chifukwa chenje ndi vuto la tsiku ndi tsiku, mukhoza kupatsidwa maswiti kapena kuuzidwa kuti mugawane dola ndi munthu amene simukumudziwa. Pepala long'ambika ambiri amalikana, inunso muzilikana polandira. EcoCash, ndalama za pa foni, imagwira paliponse, koma pali msonkho wa boma pa ndalama zotumiza, umene unakhala 2 peresenti mu 2018, kuphatikiza za kampani. Kwacha kuno ilibe msika, sinthiranitu musananyamuke. Osintha ndalama m'misewu apolisi anawagwira ambiri mu 2024, ndipo ndi komwe kumachokera madola achinyengo.

Ntchito zolembedwa n'zochepa. Mafakitale ambiri a ku Willowvale ndi Workington anatseka kapena anasanduka mosungira katundu. Mzinda ukudya geni: ndiwo zamasamba ndi tomato ku Mbare Musika, kaunjika ku Mupedzanhamo, zitsulo ku Siyaso, mipando ku Glen View Area 8, kumene moto wawononga katundu kangapo. Fodya akatsegula okushoni cha mu Malichi ndalama imayendako. Koma dziwani kuti lamulo linasungira nzika malonda ena, monga mashopu ogulitsa zinthu za tsiku ndi tsiku, mometera tsitsi ndi minibasi, ndipo khonsolo imathamangitsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni. Akale amakumbukira Murambatsvina ya mu Meyi 2005, pamene boma linagwetsa zisakasa ndi misika, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Ambiri anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mdzukulu wa mtchona wobadwira ku Mbare analibe mudzi wobwererako.

Apa ndi pamene nkhani ya chitupa imalowa, ndipo ndikupempha amalume ndi azakhali obadwira kuno amvetsere. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ana ambiri a Amalawi ataye unzika, zitupa zawo n'kukhala zolembedwa ALIEN, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zimenezi. Ndime 43 imati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala muno, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma chitupa sichisintha chokha. Muyenera kupita ku ofesi ya Civil Registry ndi setifiketi yobadwa yaitali, ija yosonyeza makolo, chitupa chakale, ndi mapepala a makolo ngati alipo, kuti mupatsidwe cholembedwa CIT, kutanthauza nzika. Chimene chimavuta n'chakuti agogo analowa muno opanda pepala, mwana sanalembetsedwe, ndiye mdzukulu sangalembetsedwe, mpaka kuvutika polemba mayeso a Giredi 7. Maina nawo amasokoneza. Kalaliki wa pa famu analemba dzina mwina, wa ku chipatala mwina, ndipo chilembo chimodzi chosiyana chimabweza munthu pawindo. Mwana akabadwa, tengani kalata ya ku chipatala yotsimikiza kubadwa ndipo mumulembetse pasanathe masiku 42. Ngati achikulire amene angachitire umboni akadali moyo, pitani nawo chaka chino.

Kwa inu ochokera kumudzi, msewu ndi wa Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Mutoko, mpaka Harare, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Blantyre. A ku Lilongwe amatha kutulukira pa Dedza. Mmalawi safuna viza, koma pasipoti idindidwe pa zipata zonse zinayi, ndipo muwerenge masiku amene akulemberani musanachoke pawindo. Chidindo chimenecho ndi cha mlendo, si chilolezo cha ntchito. Masiku akatsala pang'ono pitani ku Immigration, osapereka pasipoti kwa munthu woti akakudindireni, zidindo zabodza zimagwidwa potuluka. Mukafika, makombi ali ndi masiteji ake malinga ndi dera, Copacabana, Market Square, Charge Office ndi Fourth Street. Mtengo umazungulira pa dola, koma umakwera madzulo ndi mvula ikagwa. Funsani musanakwere, ndipo foni isakhale m'manja pamene mahwindi, anyamata oitanira, akukokerana pasenjala. Timagalimoto tating'ono tonyamula anthu totchedwa mushikashika n'tosaloledwa, timathawa apolisi muli momwemo. Ngati mukubwera mu Juni kapena Julayi tengani bulangete lenileni, kuno kumazizira ngati ku Dedza.

Achibale mudzawapeza. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yakeyake ya Harare, yochokera ku ntchito imene Nkhoma inayamba kuno mu 1912. Mizikiti ya m'malokeshoni inamangidwa kwambiri ndi Ayao. Gule wamkulu amatuluka ku Mbare, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, ngakhale anyamata ambiri ovinawo Chichewa chawo chatsala cha m'nyimbo. Chishona phunzirani msanga, pamsika chimatsitsa mtengo. Ndipo mwezi woyamba womwewo lowani bungwe la maliro, limene matchona anayambitsa kalekale. Kunyamula thupi kupita ku Malawi kumafuna kalata ya imfa, kukonza thupi, chilolezo chotulutsira, mapepala a ku ofesi ya kazembe wathu ndi odutsira ku Mozambique, zonse pa dola. Mabungwe ambiri sathandiza membala watsopano mpaka atasonkha miyezi ingapo, ndiye polowa funsani kuti ndi miyezi ingati, akulemba anthu angati a m'banja mwanu, ndipo thandizo lawo limathera pa manda a kuno kapena limafika kumudzi. Sabata yamawa tidzakamba za masukulu ndi fizi. Tsalani bwino.