Maseva awiri, adiresi imodzi: kukhazikitsa HAProxy pa pfSense

[Kamera ili pa tebulo. Pali makompyuta atatu ndi switch yaing'ono.]

Moni nonse. Pa tebulo pangapa pali makompyuta atatu. Awiri ang'onoang'onowa ndi maseva, ndipo onse ali ndi webusaiti imodzimodzi. Yachitatuyi, yamawaya awiriyi, ndi firewall, mlonda wa pachipata cha netiweki, ndipo pulogalamu yoiyendetsa ndi pfSense. Vidiyo ino isanathe ndizula waya wa seva imodzi inu mukuona, ndipo webusaiti izitsegukabe. Ikakana, mundiseke.

Amene adzatigwirire ntchitoyi ndi HAProxy, pulogalamu yaulere yomwe adalemba Willy Tarreau wa ku France. Ngati munaonapo mavidiyo akale akunena za Load Balancer pansi pa Services, musavutike kuifunafuna. Imeneyo inali relayd, ndipo anaichotsa mu pfSense 2.5.0 mu 2021. Amene muli pa OPNsense, m'bale wake wa pfSense, HAProxy ilikonso kwanuko, kungoti mabatani ali pena.

Mwina wina akuti, bwanji osangopanga port forward? Port forward ndi msewu umodzi. Chilichonse chofika pa port 443, khomo la HTTPS, chimapita ku kompyuta imodzi, kaya mlendoyo amafuna webusaiti ya sukulu kapena ya malipiro, kaya kompyutayo ili moyo kapena yafa. Siwerenga dzina.

Ganizani za woitanira pa depoti ya minibasi. Mukafika amayamba wafunsa, "Mukupita kuti, bwana?" Mukati Zomba amakulozerani uku, mukati Mulanje amakutengerani uko. Imeneyo ndiyo reverse proxy: imawerenga dzina la webusaiti lomwe mlendo wapempha, n'kumupititsa kwa eni ake. Ndiye za Zomba zikakhala ziwiri, mukwera iti? Kusankha kumeneko ndiye load balancing. Kusiyana kwake n'kwakuti woitanira amadzaza kaye imodzi mpaka anthu apanikizane, pomwe ife tikufuna onse akhale momasuka. Komanso woitanira wabwino sakukwezani minibasi yomwe kondakitala wagona pansi pake ndi sipanala. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

[Sikirini: tsamba loyamba la pfSense.]

Tisanakhudze chilichonse, yang'anani adiresi ya WAN, mbali yoyang'ana ku intaneti, pa Dashboard. Ikakhala yoyamba ndi 10, kapena 192.168, kapena ili pakati pa 172.16 ndi 172.31, kapenanso pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti si yapoyera. Mwina pali rauta ina kutsogolo kwanu, mwina kampani ya intaneti yakuikani kumbuyo kwa CGNAT, kutanthauza kuti mukugawana adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri. Zikatere anthu akunja sangakupezeni ngakhale mukonze bwino chotani. Imbani foni, pemphani public IP, ndiye mubwere tipitirize. Ine pano ndikugwiritsa ntchito 203.0.113.10, yomwe ndi yongophunzitsira.

Chachiwiri, pfSense yokha idakhala kale pa port 443, chifukwa tsamba lomwe tikuonali limatsegukira pamenepo. Awiri sangakhale pampando umodzi. Pitani ku System, Advanced, Admin Access. Pa TCP port lembani 8443. Tsikani pang'ono, chongani kabokosi ka WebGUI redirect kuti port 80 nayonso imasuke. Save. Tsamba lisintha adiresi, musadzidzimuke, kuyambira pano muzilowa ndi 8443 kumapeto. Mukadumpha pamenepa HAProxy ikana kudzuka, idzakuuzani kuti cannot bind socket.

Kenako System, Package Manager, Available Packages. Sakani haproxy. Zikhoza kutuluka ziwiri, ina ili ndi devel kumapeto. Tengani yopanda devel. Muli pomwepo, ikaninso acme, yotitengera satifiketi ya HTTPS, tiifuna posachedwa.

[Sikirini: Services, HAProxy, Backend.]

Timayambira kumbuyo. Backend ndi gulu la maseva omwe amagwira ntchito imodzi. Dinani Add, ndiitcha sukulu. Pa Server list ndikuikapo awiri: web1 pa 192.168.10.11, web2 pa 192.168.10.12, onse port 80, Mode ikhale active. Weight musaikhudze ngati makompyutawo ndi ofanana mphamvu. Ngati ina ndi yamphamvu kuwirikiza, ipatseni 20, inzakeyo 10, izilandira alendo awiri pomwe inzake yalandira mmodzi.

Pa Balance pali zosankha zingapo, koma zoti tikambe ndi zitatu. Round robin ndi kugawa mosinthana, uyu apite uku, wotsatira apite uko. Pa webusaiti wamba imakwana. Least Connections imayang'ana seva yomwe ili ndi anthu ochepa panthawiyo, ndipo imathandiza pomwe ena amakhalitsa, monga potsitsa mafayilo akuluakulu. Source imatenga adiresi ya IP ya mlendo n'kumumangirira ku seva imodzi. Imeneyi ine sindiikonda, makamaka kwathu kuno komwe anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni. Anthu a pa netiweki imodzi ya foni amatha kuonekera ngati munthu mmodzi chifukwa cha CGNAT ija, ndiye onse amakaunjikana pa seva imodzi, inzake ikungowodzera. Komanso munthu akachoka pa Wi-Fi kupita pa data, adiresi yasintha, akhoza kupezeka pa seva ina. Ine ndisankha Round robin.

Tsopano tafika pa minibasi yowonongeka ija. Health checking. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa zambiri zomwe anthu amati HAProxy ndi yovuta zimachokera pano.

Mukasankha Basic, HAProxy imangogogoda pa port 80. Chitseko chikatseguka, imati seva ili bwino. Koma Apache kapena Nginx imatha kutsegula chitseko pomwe m'kati PHP yagwa, kapena database siikuyankha. Alendo anu theka aziona tsamba la zolakwika, pomwe sikirini yanu ikuonetsa zobiriwira zokhazokha. Choncho sankhani HTTP, kuti izipempha tsamba lenileni n'kuona yankho. Yankho la 200 ndi anzake, kapena 300 ndi anzake, imaliwerenga kuti zili bwino. La 400 kapena 500 imati seva yadwala.

Pali misampha iwiri. Woyamba, Http check method imabwera ili pa OPTIONS, ndipo mapulogalamu ena saivomera, amayankha 405 kapena 403. Seva ili bwinobwino koma HAProxy yaiika m'gulu la akufa. Sinthani ikhale GET. Wachiwiri, funsoli limapita ku adiresi ya IP, lopanda dzina la webusaiti. Ngati seva yanu ili ndi mawebusaiti angapo, yemwe ayankhe ndi uja woyamba pa mndandanda, mwina osati amene mumafuna.

Chomwe ine ndimachita n'chakuti ndimalemba kafayilo kakang'ono, ndimakatcha moyo.php, n'kukaika pa webusaiti yoyambayo. Kamafunsa database funso limodzi lopepuka. Ikayankha, kamabweza 200. Ikapanda kuyankha, kamabweza 500. Ndiye pa Url used by http check requests ndimalembapo /moyo.php. Musalozetse pa tsamba loyamba la webusaiti ngati ndi lolemera, chifukwa funsoli limabwera sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Pa Check frequency ndalembapo 1000, kutanthauza sekondi imodzi. HAProxy mwachibadwa imadikira kuti seva ilephere katatu motsatizana isanaichotse, ndipo ikachira iyankhe bwino kawiri isanaibwezere. Manambala awiriwa muwakumbukire, muwaona ndi maso kumapeto.

Chinthu china. Ndinakaikapo izi pa ofesi ina, zonse zobiriwira, ine n'kumapita kunyumba ndikudzimva. M'mawa mwake foni: "Achimwene, anthu akalowa ndi pasiwedi, akangodina pena akutulutsidwa." Chinkachitika n'chakuti munthu walowera pa web1, web1 yamulemba m'kaundula wake, kudina kotsatira kwamugwetsera pa web2 yomwe siikumudziwa. Mankhwala achangu ali pansi apa, pa Cookie persistence. Chongani Cookie Enabled, dzina likhale SERVERID, mode ikhale insert, kenako bwererani pa Server list mupatse seva iliyonse dzina lake la cookie. Tsopano browser ya mlendo imanyamula kachiphaso kosonyeza seva yake. Mankhwala enieni ndi kusunga ma session, kaundula uja wa amene alowa, pamalo amodzi, mu database kapena mu Redis, kuti seva iliyonse izimudziwa aliyense. Ndi cookie yokha, seva ikafa, amene anali pamenepo alowanso kachiwiri.

Ndipo HAProxy siikopera mafayilo. Wina akakweza chithunzi pa web1, pa web2 palibe, pokhapokha mutakonza nokha kuti azisunga pamodzi. Imeneyo ndi vidiyo ina.

Save. Ndapanganso backend yachiwiri, malipiro, yokhala ndi seva imodzi yokha. Inde, seva imodzi imaloledwa.

[Sikirini: Services, Acme Certificates.]

Satifiketi ndidutsapo msanga. Ya Let's Encrypt ndi yaulere, koma siikhalitsa, yanga ino ndi ya masiku 90. Pangani Account key, kenako satifiketi yokhala ndi mayina onse awiri, sukulu.example.com ndi malipiro.example.com. Chomwe ambiri amaiwala chili pansi, pa Actions list. Ikanipo shell command iyi:

/usr/local/etc/rc.d/haproxy.sh restart

Popanda mzere umenewu satifiketi yatsopano idzabwera ndithu, koma HAProxy izigwiritsabe yakale, mpaka tsiku lomwe browser idzayambe kuopseza alendo anu. Pa General settings chonganinso Cron Entry kuti izidzikonzanso yokha.

[Sikirini: HAProxy, Frontend.]

Frontend ndiye woitanira uja. Add. Listen address ikhale WAN address, port 443, chongani SSL Offloading. Type ikhale http / https(offloading). Offloading ikutanthauza kuti firewall ndiyo imamasula HTTPS, n'kulankhula ndi maseva pa HTTP wamba. Mpake, chifukwa kalata yomata simungadziwe zomwe zalembedwa m'kati musanaitsegule. Koma dziwani kuti pakati pa firewall ndi maseva zinthu zikuyenda poyera. Maseva akhale pa netiweki yawoyawo, osati yomwe alendo a mu ofesi amalumikizapo mafoni.

Pa Access Control lists ndipanga mizere iwiri. Dzina sukulu, Expression ikhale Host matches, Value sukulu.example.com. Wachiwiri chimodzimodzi wa malipiro. Pa Actions, Use Backend, lembani dzina la ACL, mzere wa Access Control uja, ndendende momwe munalembera pamwamba, n'kusankha backend yake. Default Backend ine ndimaisiya pa None. Wobwera ndi dzina lomwe sitikulidziwa, kapena maroboti ongoyendayenda akugogoda ma IP, alandire 503 azipita.

Tsikani ku Advanced settings, chongani Use forwardfor option. Mukapanda kutero, mu log ya seva muziona mlendo mmodzi yekha tsiku lonse, adiresi ya firewall. Kabokosika kamaonjezera mzere wa X-Forwarded-For womwe umanyamula adiresi yeniyeni ya mlendo, koma seva nayonso muiuze kuti iziwerenga. Pa Apache ndi mod_remoteip, pa Nginx ndi real_ip_header ndi set_real_ip_from. Muiuze kuti ikhulupirire mzerewu ukachokera kwa firewall yokha, apo ayi aliyense angathe kulembamo bodza.

A WordPress, tcherani khutu. Browser ikamati too many redirects, n'chifukwa WordPress ikuona HTTP kuchokera kwa firewall, ikumuuza mlendo kuti apite ku HTTPS, pomwe iye ali kale pa HTTPS, ndiye akungozungulira. Mu wp-config.php muiuze kuti X-Forwarded-Proto ikakhala https, iziona ngati HTTPS ndi yoyaka.

Pansi penipeni sankhani satifiketi ija. Save. Pangani frontend ina yaing'ono pa port 80, yopanda backend, Action yake http-request redirect, rule yake scheme https. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Ku Settings, chongani Enable HAProxy, Maximum connections ndalembapo 1000, Internal stats port 2200. Save, Apply Changes.

Chatsala ndi chipata. Firewall, Rules, WAN. Pass, TCP, Destination ikhale WAN address, port 443, ndi lamulo lina la port 80. Osapanga NAT, kutanthauza port forward ija, alendo akuthera pa firewall pomwepa. Ngati port forward yakale ya 443 ikadalipo, ichotseni, chifukwa imalanda alendo HAProxy isanawaone. Ndipo 8443 ija musaitsegule ku WAN.

[Sikirini yagawidwa pawiri: kumanzere Stats, kumanja foni.]

Kumanzereku ndi tsamba la Stats. Mizere iwiri yobiriwira, pa LastChk palembedwa L7OK/200. Mukaona L7STS, seva yayankha koma yankho loipa, kaonenso OPTIONS ija. L4CON ndiye kuti yakana kulumikizana, mwina port ndi yolakwika. L4TOUT ndiye kuti kuli zii. Foniyi ndazimitsa Wi-Fi, ili pa data, kuti ndibwere ngati mlendo weniweni wochokera kunja.

Musanayese kwanu, suzumirani pansi pa tebulo. Ngati maseva onse awiri ali pa extension imodzi ngati angawa, magetsi akathima athimira limodzi, ndipo firewall nayonso ndi imodzi. Kuti zikhale ziwiri pamafunika CARP, njira yoti ina ikafa inzake itenge malo ake, tidzaona tsiku lina.

[Dzanja lagwira waya wa web1.]

Ndazula. Penyani mzere wapamwambawo. Wasanduka wachikasu, ikuwerenga. Kachiwiri. Kachitatu, wafiira, DOWN. Pa foni ndikutsegulanso tsamba. Latseguka. Kachikenanso. Latsegukabe, ndipo manambala a web2 okha ndi amene akukwera.

Ndikubwezera waya. Tidikire kaye kagetsi ka pa switch kayake. Kayaka. Yayankha kamodzi, yayankha kawiri, wabiriwira.

Tsopano tiyese chomwe Basic sakanachiona. Waya ndausiya, ndalowa mu web2 n'kuimitsa PHP yokha, Nginx ikadali yoyaka. Penyani pa LastChk. L7STS/502. Wafiira.