Kodi geocoder ingayankhe mafunso angati pa sekondi imodzi?

[Pa sikirini: chala chikulemba dzina la malo pa foni]

Moni nonse. Mukalemba "Area 25, Lilongwe" pa mapu kadontho n'kutulukira, kuseri kuli pulogalamu yotchedwa geocoder. Imalandira mawu n'kubweza manambala awiri, latitude ndi longitude. Lero tiona mmene liwiro lake limayezedwera, komanso chifukwa chake manambala ena odzitamandira nawo sayenera kutikomola.

Titenge geocoder yotchedwa Nominatim, yomwe imafufuza malo pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Seva yake yaulere imalola funso limodzi lokha pa sekondi. Ngati muli ndi maadiresi 1 miliyoni, mudikira masiku oposa 11 usana ndi usiku. N'chifukwa chake makampani amaiyika pa seva yawoyawo. Mapu a dziko lonse amafuna disiki ya NVMe ya pafupifupi 1 TB ndi RAM (malo omwe kompyuta imasunga zomwe ikugwiritsa ntchito kuti izipeze msanga) ya 128 GB kapena kuposa, ndipo kungowalowetsa mu PostgreSQL, pulogalamu yomwe imasunga mapuwo, kumadya masiku angapo.

[Pa sikirini: purosesa ya AMD EPYC 9654]

Tsono wina wagula makina okhala ndi purosesa iyi ya ma core 96 (timagawo ta purosesa totha kugwira ntchito nthawi imodzi), wayatsa wrk kapena k6, mapulogalamu omwe amathira mafunso pa seva ngati mvula ya mu Januwale. Funso langa loyamba kwa iye: mwaifunsa chiyani?

Taganizani za chigayo. Mwini wake akufuna kuonetsa mphamvu, ndiye akuthiramo ufa wogaya kale, kubwerezabwereza. Matumba adzadza msanga, koma chimanga chouma sichinalowemo. Ndi mmene zimakhalira mukafunsa "London" ka 100,000. Ulendo woyamba seva imawerenga pa disiki, maulendo enawo zonse zili kale mu RAM. Pamenepo mwayeza cache basi, ndiko kuti zosungidwa kale mu RAM. Mafunso a anthu enieni amabwera osakanikira, ena olembedwa molakwika, ena a malo omwe pa mapu palibe. Osapezekawa nthawi zambiri ndi amene amatopetsa seva, poti imayesa njira zosiyanasiyana zomasulira mawuwo isanagonje. Kufunsa mobwerera, kupereka manambala kuti ikuuzeni dzina la malo, ndi ntchito ina, iyezedwe payokha.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti funso lililonse likutenga mamilisekondi 50, ndipo mafunso 96 akuyankhidwa nthawi imodzi: ndiye kuti 1,920 pa sekondi. Koma ngati mwatsegula ma worker 8 okha (makope a pulogalamuyo oyankha mafunso nthawi imodzi), mupeza 160, ma core enawo ali khale. Ndipo PostgreSQL mukaisiya mmene inabwerera imalola ma connection 100 okha, kutanthauza olumikizana nayo nthawi imodzi. Ambiri amanamizira purosesa pomwe vuto lili mu faelo ya makonzedwe.

Photon ya kampani ya komoot ndi Pelias yomwe inayambira ku Mapzen ndi ma geocoder a mtundu wina: Pelias imadalira pulogalamu yofufuzira mawu ya Elasticsearch, Photon inasamukira ku inzake ya OpenSearch, ndipo zonse zimatha kupereka mayankho munthu akadali kulemba. Kuzipikisanitsa ndi Nominatim pa nambala imodzi, ine ndimaona ngati kufanizira kabaza ndi lole.

[Pa sikirini: girafu, mzere ukukwera kenako n'kugona]

Onani apa. Mukamaonjezera mafunso, mzere wa mayankho pa sekondi ukukwera, kenako wagona. Kuchokera pamenepa chomwe chikukula ndi chiwerengero cha mafunso odikira. Ndiye musadalire avereji. Yang'anani p99, kutanthauza nthawi yomwe mafunso 99 mwa 100 amayankhidwa isanakwane. Chenjerani ndi wrk: seva ikachedwa, nayo imadikira isanatumize funso lina, choncho kuchedwa kwina sikulembedwa. Katswiri wa mapulogalamu Gil Tene anakonza wrk2 kuti izitumiza pa liwiro lokhazikika, seva ifune isafune. Pulogalamu yoyezerayo muiyike pa kompyuta ina, isamalimbirane ma core ndi geocoder yomwe mukuyeza.