Tabuleti Yopanda Netflix, Zoom ndi WhatsApp: Kodi Ingayende Malonda?

[Pa sikirini: matabuleti awiri ali patebulo, onse oyatsa]

Taonani matabuleti awiriwa. Kukula n'kofanana, batire imakhalitsa mofanana, ndipo yakumanjayi ndi yothamangirako kuposa inzake. Koma tikatsegula sitolo ya mapulogalamu pa yakumanjayi n'kulemba Netflix, palibe chikubwera. Tilembe Zoom: zii. Ndiye funso la lero ndi ili: tabuleti yotereyi anthu angaigule, kapena kampani yake yangotaya ndalama m'madzi?

Nkhaniyi inayesedwa kale pamsika, ndipo inawawa anthu.

[Pa sikirini: BlackBerry PlayBook]

Mu Epulo 2011, kampani ya Research In Motion inatulutsa BlackBerry PlayBook. Sikirini ya mainchesi 7, kamera kutsogolo ndi kumbuyo, mtengo kuyambira madola 499. Chipangizo chenichenicho chinali chabwino ndithu. Koma munalibe Skype (yoimbirana pavidiyo), munalibe Netflix (yoonera mafilimu), ndipo ngakhale pulogalamu yakeyake ya imelo inalibe. Kuti muone imelo ya BlackBerry mumayenera kuilumikiza ku foni ya BlackBerry kudzera pa pulogalamu yotchedwa Bridge. Kampaniyo inaikamo pulogalamu yoimbirana pavidiyo, inde, koma yoti PlayBook iziimbira PlayBook inzake basi. Tangoganizani: kamera muli nayo, intaneti muli nayo, koma aliyense amene mukufuna kumuona nkhope ali pa Skype. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti yaluza madola 485 miliyoni pa matabuleti ongokhala m'nyumba zosungira katundu, ndipo mtengo unali utagwa mpaka madola 199.

HP TouchPad yokha ndiye sinachedwe n'komwe. Inatuluka pa 1 Julayi 2011, pa 18 Ogasiti n'kuthetsedwa, yotsala n'kugulitsidwa pa madola 99.

Apa wina anena kuti basi, nkhani yatha, popanda mapulogalamuwa tabuleti imafa. Dikirani kaye. iPad yoyamba ya 2010 inalibe kamera ngakhale imodzi, koma inagulidwa 3 miliyoni m'masiku 80. WhatsApp ya iPad inadzatuluka mu Meyi 2025, patatha zaka 15, ndipo zaka zonsezo iPad inali ikuyenda malonda. Kindle Fire ya Amazon, ya mu Novembala 2011, inalibe kamera, inalibe maikolofoni, inalibenso sitolo ya Google, koma pa madola 199 anthu anailanda. Komanso kukhala nawo mapulogalamuwa si chitsimikizo: Surface RT ya Microsoft inali ndi Skype ndi Netflix yomwe, koma mu Julayi 2013 Microsoft inalemba kuti yaluza madola 900 miliyoni pa iyo, popeza mapulogalamu akale a Windows amene anthu ankayembekezera sankagwira.

Kusiyana kwake kuli pa lonjezo. Kindle Fire inkati: ndine wotchipa, ndine wowerengera mabuku ndi kuonera mafilimu a Amazon, ndipo Netflix inalimo. iPad yoyamba inali ndi YouTube ndi Netflix kuyambira pachiyambi, ndipo nthawi imeneyo kuimbirana pavidiyo kunali kusanalowe m'magazi mwa anthu ngati lero. PlayBook inkafuna mtengo wa iPad, ikulonjeza kuchita zonse, koma zinthu ziwiri zimene munthu amayesa madzulo a tsiku loyamba, kuimbirana pavidiyo ndi kuonera mafilimu, zikusowa.

[Pa sikirini: chithunzi cha anthu asanu olumikizidwa ndi mizere]

Tiyambe ndi kuimbirana pavidiyo. Pulogalamu imeneyi simusankha ndinu. Amakusankhirani achibale, abwana kuntchito, aphunzitsi a mwana wanu. Ngati msonkhano uli pa Microsoft Teams, pulogalamu ina yabwino kwambiri imene wopanga tabuleti wakuikirani ilibe ntchito. N'chifukwa chake kampani singangoti tipanga yathu. Ndipo zimene anthu amakonda zimasuntha: Skype imene inavutitsa PlayBook ija inatsekedwa mu Meyi 2025. Wopanga tabuleti amafunika kuthamangira kumene anthu asamukira, chaka ndi chaka.

Nanga eni mapulogalamuwo amakaniranji? Chifukwa pulogalamu siimangolembedwa kamodzi. Pamafunika gulu la akatswiri loikonza nthawi zonse, kuiyesa pa chipangizo chilichonse, kuyankha madandaulo. Akaona kuti ogula ndi ochepa amati tidikire achuluke. Ogulawo nawonso akudikira kuti pulogalamu ibwere kaye. Aliyense akuyang'ana mnzake, katundu akuchita fumbi pa shelefu.

Tsopano tifike pamene ambiri amapusitsika. Wogulitsa akuuzani kuti musadandaule, mungotsegula pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti), kapena mungoika fayilo ya APK (fayilo yoikira pulogalamu ya Android osadzera m'sitolo ya mapulogalamu). Tiyeni tione chimene chimachitika.

[Pa sikirini: pulogalamu ya DRM Info itatsegulidwa]

Mafilimu a Netflix, Disney+ ndi Prime Video amabwera okhomedwa kuti asakopedwe. Pa Android loko wake amatchedwa Widevine, ndipo mwini wake ndi Google. Magawo amene mungakumane nawo ndi awiri. Pa L1, filimu imatsegulidwa m'kachigawo kotetezedwa ka purosesa, kamene mapulogalamu ena sangakafike, ndipo makiyi ake amaikidwa kufakitale. Pa L3, zonse zimachitikira m'pulogalamu wamba, ndiye eni mafilimu saikhulupirira. Zotsatira zake, tabuleti ya L3 imapatsidwa chithunzi chotsika, cha m'ma 480p, ngakhale sikirini yake ikhale ya 1080p kapena kuposa. Mwalipira sikirini yakuthwa, mukuonera zambuu. Ndipo palibe batani loti musinthe L3 kukhala L1. Kuwonjezera apo, Netflix imafunanso kuti mtundu wa tabuletiyo iuvomereze yokha isanatumize HD, moti ilipo ina yolemba L1 koma chithunzi n'kukhalabe chotsika. Mukathyola loko wa bootloader (kapulogalamu koyamba kuyaka mukayatsa tabuleti) kuti muikemo dongosolo lina loyendetsa tabuletiyo, zipangizo zambiri zimagwa kuchoka pa L1 kupita pa L3.

Musasokoneze vutoli ndi la intaneti yofooka. Netflix imati intaneti ya liwiro la 3 Mbps ikwanira 720p, 5 Mbps ikwanira 1080p, 15 Mbps ya 4K. Ngati intaneti yanu ikupitirira pamenepo koma chithunzi sichikuyera, tsegulani Netflix, pitani pa zoikamo za pulogalamuyo, pezani Playback Specification. Pamenepo palembedwa gawo la Widevine ndi chithunzi chapamwamba chimene chipangizocho chaloledwa.

YouTube ndi yosavuta: mavidiyo ake wamba alibe loko wotere, ndipo pa browser amaonetsa bwinobwino. N'chifukwa chake matabuleti a Amazon Fire akhala zaka zambiri opanda pulogalamu ya YouTube yochokera kwa Google koma osagwa.

[Pa sikirini: tabuleti yazimitsa sikirini, foni pambali ikuimba]

Kwa kuimbirana pavidiyo, vuto limabisala pena. Mukaika APK, pulogalamu itha kutseguka, inu n'kuimba, n'kuonana ndi mnzanu, n'kuti zatheka. Yesani mbali inayo. Zimitsani sikirini, dikirani mphindi 20, wina akuimbireni. Pa Android mapulogalamu ambiri amadzutsidwa ndi uthenga wodutsa pa Firebase Cloud Messaging, njira ya Google yotumizira mauthenga imene imadalira Google Play Services, pulogalamu ya Google yogwira ntchito kuseri. Tabuleti yopanda zimenezi, dongosolo likagoneka pulogalamuyo kuti lisunge batire, palibe woidzutsa. Tabuleti siilira, mumangopeza kuti munaimbiridwa. Mapulogalamu ena amadzisungira okha njira yolumikizirana, koma pamafunika kuwachotsa pa mndandanda wa zosunga batire, ndipo batireyo imatha msanga.

Pa browser, Zoom, Meet ndi Teams zili ndi njira yolowera pamsonkhano, koma pa tabuleti nthawi zambiri tsambalo limakukankhirani ku sitolo ya mapulogalamu. Mukasankha kuti lioneke ngati la pakompyuta mutha kulowa, koma kugawana sikirini kumakanika kawirikawiri, ndipo mukangopita pa pulogalamu ina kamera imaima. Za APK tinenenso ichi: siidzikonza yokha. Tsiku lina mwini pulogalamu akasiya kulandira mtundu wakale, mumatsekeredwa kunja mpaka mutapeza fayilo yatsopano, ndipo fayilo yochokera pa tsamba losadziwika ikhoza kukhala yoti wina anaisokoneza kuti azibera mapasiwedi.

Ndiye ndi tabuleti ziti zimapulumuka? Zoyamba ndi zimene zili ndi ntchito imodzi yodziwika. reMarkable ndi Kindle Scribe zili ndi sikirini ya e-ink, yooneka ngati pepala, imene filimu singayendepo bwino, ndipo ogula amazifuna chifukwa chomwecho: alembe, awerenge, popanda chowasokoneza. Chimodzimodzi matabuleti olandirira ndalama m'sitolo, owerengera katundu, kapena a m'kalasi amene sukulu inawakhoma dala. Zachiwiri ndi za msika umene anthu ake amagwiritsa ntchito zina. Kuyambira 2019, boma la United States litaletsa makampani ake kuchita malonda momasuka ndi Huawei, zipangizo zatsopano za Huawei zinayamba kutuluka zopanda mapulogalamu a Google. Ku China izi sizinapweteke kwenikweni, chifukwa kumeneko anthu amaimbirana pa WeChat n'kumaonera pa iQIYI, Youku ndi Bilibili, ndipo matabuleti a Huawei akugulidwabe kwambiri. Kunja kwa China tabuleti yomweyomweyo imafuna wogula wopirira. Zachitatu ndi zotchipa kwambiri moti munthu amakhululuka.

Tabuleti ya ntchito zonse, ya mtengo wofanana ndi iPad kapena Galaxy Tab, yopanda mapulogalamuwa? Imeneyo sitikuipatsa mwayi.

[Pa sikirini: manja akuyesa tabuleti yatsopano]

Ngati mukufuna kugula, lembani mapulogalamu atatu amene simungakhale popanda iwo, muwafufuze m'sitolo ya mapulogalamu ya tabuletiyo, osati pa browser, ndipo muone dzina la wopanga, chifukwa zonamizira zofanana chizindikiro zilipo zambiri. Ngati ili ya Android yokhala ndi Play Store, tsegulani zoikamo za Play Store, pitani pa About, muone ngati palembedwa kuti chipangizocho n'chovomerezeka pa Play Protect. Ikani pulogalamu ya DRM Info, yoonetsa gawo la Widevine, muone ngati ndi L1. Imbani pavidiyo osavala mahedifoni, mufunse mnzanuyo ngati akudzimva mawu ake akubwerera, chifukwa maikolofoni ikayandikana ndi sipika popanda kuchotsa bwino mawu obwerera, iye ndi amene amavutika, osati inu. Onaninso pamene pali kamera: ikakhala m'mbali yaifupi, mukagoneka tabuleti chopingasa mumaoneka ngati mukuyang'ana kumbali. Pomaliza zimitsani sikirini, muisiye mphindi 20 ija, wina akuimbireni. Zonsezi muchite masiku obwezera katundu asanathe, risiti ndi bokosi zikadali pafupi.