Mphwanga, mvera izi usanalongedze chikwama cha ku Congo

Mphwanga, waswera bwanji? Amayi andiuza kuti dzina lako latuluka pa gulu lopita ku Congo ulendo uno. Za mfuti ndi za ntchito akuphunzitsani kale, ine sindibwerezanso. Ndikufuna ndikuuze za m'mbale basi, poti nkhani imeneyi palibe bwana amene amaifotokoza pa perete. Uthengawu ndi wautaliko, ndiye ukhale pansi. Ukamaliza kumvera uwatumizirenso alamu anga, chifukwa zambiri mwa izi mukonza muli awiri.

Njala usaiope. Kuyambira 2013, pamene Malawi anayamba kutumiza asilikali ku Force Intervention Brigade, gulu lankhondo la United Nations ku Congo, pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa, anthu akhala akudya reshoni ya United Nations, ndipo ndi yambiri: mpunga, nkhuku ya m'firiji, nyemba, mazira, nsomba za m'chitini. Koma ophika aja akuphikira anthu ochuluka m'mapoto akuluakulu. Sangathire tsabola poti wina ali ndi zilonda za m'mimba, sangawonjeze mchere poti wina ali ndi BP. Sabata yoyamba udzakondwa, nkhuku tsiku ndi tsiku. Ikadzatha miyezi iwiri, ukangomva fungo la msuzi womwewomwewo, khosi limatseka. Munthu amayamba kusiya theka la mbale, madzulo n'kungomwa tiyi ndi buledi, pamene m'mawa mwake akunyamula zida kupita pa patrolo. Ndinawaona ine anyamata amphamvu akuboola bowo lina pa lamba ndi msomali, chakudya chili mbwee ku mesi, kodyera asilikali. Zimenezo sindikufuna zikuchitikire iwe.

Lamulo ndi limodzi: nyamula zouma, zamadzi ukapangira komweko. Zouma sizilemera, sizitayikira pa yunifolomu, ndipo pabwalo la ndege sizivuta, pamene chamadzi choposa 100 ml m'chikwama cha m'manja amakulanda. Koma ziume kwenikweni. Ku Beni, kum'mawa kwa Congo, kumunsi kwa mapiri a Rwenzori, mvula imagwa pafupifupi chaka chonse, mpweya ndi wachinyezi. Chinthu chimene kuno chingakhale chaka osawonongeka, kumeneko masabata ochepa chachita nkhungu.

Tiyambe ndi tsabola, amene ndiye mwini nkhani. Ugule kambuzi wakupsa bwino, wachikasu uja, usakanize ndi mphiripiri pang'ono. Kambuzi ndi wa fungo, mphiripiri ndi ya moto. Kambuzi ali ndi mnofu, ndiye ukamuyanika wathunthu amawola m'kati kunja akuoneka wouma. Uzimung'amba pakati, aliyense, n'kuyanika pa lichero padzuwa, madzulo kulowetsa m'nyumba kuti mame asamupeze. Uzimuyesa ndi zala. Akamapindika, sanaume. Akamathyoka n'kuyoyoka, waumano. Ukatero umukazinge pa chiwaya popanda mafuta, moto wochepa, mphindi ziwiri kapena zitatu, angosintha fungo, asade. Zimenezi uchitire panja, ana ali kutali, ndipo posinja umange kansalu pamphuno. Mumtondomo uthiremo mchere, umathandiza kuti asinjike msanga. Muyeso wake ndi uwu, alamu alembe: kapu imodzi ya tsabola wouma, masupuni awiri a mchere, masupuni awiri a adyo wa ufa, supuni imodzi ya jinja wa ufa. Adyo ndi jinja ugule wa m'paketi, wouma kale.

Kalongedzedwe kake umvetsetse, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Usaike zonse m'botolo limodzi lalikulu. Ukamatsegula katatu pa tsiku, chinyezi chimalowa katatu pa tsiku, ndipo posakhalitsa ufa uja wagwirana n'kukhala chibuma. Ugawe m'timabotolo tapulasitiki tating'ono ta zivindikiro zolimba, kapena m'timapepala totseka tokha tija, kalikonse kokwana masabata awiri. Uzitsegula kamodzi, ena onse akhale chitsekere pansi pa chikwama. M'kamene ukugwiritsa ntchitoko uponyemo timbewu tingapo ta mpunga wosaphika, timayamwa chinyezi. Supuni yotapira ikhale youma nthawi zonse, osati imene ukudyera. Ndipo ulembe dzina pa kalikonse. Ufa wopanda dzina m'chikwama cha msilikali umadzetsa mafunso pa chipikisheni.

Kenako usipa. Usankhe wouma bwino, uchotse mitu ndi matumbo poti ndi zimene zimawawa, ukazinge mpaka uzithetheka, usinje, usefe. Payokha udule matimati mopyapyala, uwaze mchere, uyanike mpaka aume gwa, usinjenso n'kusakaniza ndi usipa uja. Kasupuni kamodzi ka tiyi pa nyemba kapena pa kabichi, ndiwo zasintha. Koma nsomba ili ndi mafuta, sichedwa kununkha, ndiye umenewu ndi woyamba kudya, uthe m'mwezi woyamba kapena wachiwiri. Uyambe wafunsa akuluakulu oona za katundu ngati akulola za nsomba, ndiponso makilo angati amene akukupatsani. Akakana, wasiya, palibe kukangana.

Tsopano pa mtedza ndichedwepo. Nsinjiro zaziwisi zimafuna moto, zimafuna kuwira, ndipo iwe patebulo la ku mesi ulibe moto. Ndiye mtedza wako ukhale wokazinga, ndipo chabwino koposa ndi chiponde. Posankha mtedzawo musathamange. Muthire pa lichero, muchotse wonse wofota, wosweka, wakuda ndi wachuku. Chuku chimabereka poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Chiponde uike m'botolo lapulasitiki la kukamwa kwakukulu, utseke, umate ndi tepi, uliikenso m'jumbo.

Ukafika kumeneko uzichita chonchi. Utenge kapu yako ya tiyi, uikemo supuni imodzi yodzaza ya chiponde. Upite pamene amaika madzi otentha a tiyi, uthire pang'ono chabe, masupuni awiri, n'kuyamba kutakasa. Poyamba chimalimba, chimaoneka ngati chalekana ndi madzi, ndipo anthu ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kuthira madzi ambiri nthawi imodzi, zikatero zimangoyandama mibulu. Iwe pitiriza kutakasa, kuwonjezera madzi pang'onopang'ono, mpaka chisalale ngati phala la mwana. Uthiremo tsabola wako uja ndi madontho a ndimu. Ukakhuthulira pa kabichi wowiritsa uja, ukudya ndiwo zotendera. Pa nkhuku chimodzimodzi, pa mpunga chimodzimodzi. Mphindi zitatu basi. Upange wokwana chakudya chimenecho, wotsala usasunge.

Mfutso unyamule, sulemera n'komwe. Wa nkhwani, wa khwanya, umene amayi ali nawo. Umenewu ndi wa tsiku lopuma, pamene mungapemphe malo pamoto mukhale anthu anayi kapena asanu. Kuviika m'madzi kaye, kuwiritsa, kuthira chiponde. Tsiku limenelo nsima sitsala.

Pali china chimene anthu sachidziwa. Ndiwo zikakhala zosakoma, aliyense amathamangira mchere, pamene nthawi zambiri chimene chikusowa ndi chowawasa. Makamaka za m'chitini ndi za m'firiji. Ndiye unyamule bwemba ndi ufa wa malambe. Bwemba uviike m'madzi otentha, ufinye, uchotse nthanga, uthire shuga pang'ono ndi tsabola, wapeza sosi wa pa nyama. Malambe kasupuni kamodzi mu phala la m'mawa. Nsomba ya m'chitini ija, uyambe watsanula madzi ake, uduliremo anyezi, ufinyiremo ndimu, uwaze tsabola, usiye mphindi zisanu. Udzandiuza.

Nali unyamule botolo limodzi kapena awiri m'chikwama chachikulu. Ulikulunge m'sokosi ziwiri n'kulilowetsa m'kati mwa jombo, silisweka. Ungodziwa kuti botolo la Nali likaonekera patebulo limayenda manja ambiri, silikhalitsa. N'chifukwa chake ndikulimbikira za ufa.

Za timakyubu ta Royco ndi Knorr, tenga ndithu koma usamale. M'menemo chochuluka ndi mchere, ndipo ndiwo za ku mesi zathiridwa kale mchere. Theka la kakyubu, losungunula m'madzi otentha, n'lokwana. Ukamathira kathunthu chakudya chilichonse chaka chonse, udzabwera kuno ndi BP. Kale (curry) wa ufa uja usamawaze pa chakudya chakupsa kale, amawawa ndiponso amamveka mchenga m'kamwa. Amafuna mafuta otentha.

Pa mafutapo, mvera bwino. Ukapeza mpata pamoto, utenthetse theka la kapu ya mafuta ophikira, uphule, udikire mphindi imodzi, kenako uthire pa masupuni awiri a tsabola wako wa ufa m'chitini chouma. Ukathira ali pamoto tsabola amapserera. Akazizira uike m'botolo, madontho ochepa pa mpunga kapena pa mazira. Koma m'mafutamo usadzaikemo adyo wamuwisi kapena tsabola wamuwisi n'kusunga m'tenti. Ndikubwereza, usadzayese. Zaziwisi zikamira m'mafuta pamalo otentha zimatha kubereka poizoni wa botulism, amene sanunkha, saoneka, koma amafoola thupi mpaka munthu kulephera kupuma. M'mafuta muzilowa zouma zokhazokha. Ukafuna kusunga zaziwisi, njira yake ndi viniga: anyezi wodula mopyapyala, viniga womiza anyeziyo, mchere ndi shuga pang'ono, agone usiku umodzi. Mudye masiku awiri kapena atatu athe, mupangenso wina.

Kumsika uzipita pokhapokha akulolezani, ndipo ndi anzako. Mandimu, anyezi, adyo, jinja, tsabola, zonse ziliko. Uzigula zokhala ndi khungu, n'kutsuka ndi madzi othira mankhwala a ku kampu, chifukwa kolera kumeneko ndi wosasowa. Chigwada amadya kwambiri, amachitcha sombe, amaphika ndi mafuta ofiira a mawese ngati a ku Karonga aja. Chikakhala chophikidwa bwino, chotentha, pamalo amene akuluakulu avomereza, ulawe. Koma nyama ya m'tchire, kaya yowamba, kaya yotchipa bwanji, kaya wakupatsa ndi munthu wokoma mtima, ayi. Ebola ya 2018 mpaka 2020 inapha anthu oposa 2,000, ndipo Beni inali pakati penipeni pa mliriwo. Nkhuli isakupezetse zimenezo.

Ophika uziwalemekeza, mphwanga. Amadzuka usiku anthu ali m'tulo, ndipo amaphika zimene apatsidwa. Usamanyoze chakudya pamzere, usamagwetse nkhope akamakuikira. Uwapatse moni, kabotolo kamodzi ka tsabola uwapatse iwowo osadikira kuti apemphe. Ndi anthu amenewo amene angakupatse anyezi mmodzi, kapena kukulola kutenthetsa mafuta ako akamaliza ntchito. Ukakumana ndi a ku Tanzania, iwo amakhala ndi zokometsera pilawu, a ku South Africa amakhala ndi chakalaka ndi atchar. Kambuzi wathu amamukonda, ndiye muzisinthana. Anzako a m'tenti usawamane, koma ugawe mwanzeru: patebulo pazibwera kabotolo kamodzi, osati thumba lonse.

Pa patrolo kapepala kamodzi ka tsabola m'thumba la malaya n'kokwana, uziwaza pa chakudya cha m'mapaketi chija. Koma usiku woti mawa muli ndi ulendo wautali uchepetse, m'mimba musakuvute panjira, ndiponso tsabola wambiri amamwetsa madzi amene wanyamula. Ukagwira tsabola usambe m'manja ndi sopo usanakhudze m'maso.

Ndiye muyambe mawa lomwe kuyanika, dzuwa likadalipo, chifukwa matimati ndi kambuzi amafuna masiku angapo. Timabotolo mutsuke n'kuyanika chozondoka mpaka mukhale mopanda dontho. Mtedza usagule, ndibweretsa wa kumudzi Loweruka, ndi bwemba lomwe. Undiuze tsiku limene mukunyamuka ndi makilo amene akulolani, kuti tidziwe chiponde tisinje chochuluka bwanji. Uwapatse moni alamu ndi ana.