Makalata a Omvera: Uthenga wa Kusukulu Ufike Bwanji Pakhomo?

Moni nonse amene mukutimvera ku Mulanje, ku Thyolo ndi madera ozungulira. Sabata yatha tinafunsa kuti makolo a ana a Sitandade 5 mpaka 8, ndi a Fomu 1 ndi 2, angadziwe bwanji zimene ana awo akuphunzira ndi zimene zikuchitika kusukulu teremu isanathe. Mwatiyankha, ndipo ambiri amene mwalemba ndinu ogwira ntchitoyi. Tiyambe ndi aphunzitsi a Sitandade 6 a ku Chisitu.

"Uthenga wapakamwa umafera panjira. Mwana mukamuuza kuti makolo abwere Lachinayi 2 koloko kudzakambirana za mayeso, kunyumba amangonena kuti 'akukufunani kusukulu'. Kholo limaganiza kuti pali mlandu, ndipo mwana woopa sanena n'komwe. Chofunika ndi kope la mauthenga. Si lodula: kope limodzi mukalidula pakati limakwanira ana awiri, kapena mwana angagwiritse ntchito masamba asanu omaliza a kope la Chichewa. Tsamba lililonse ligawidwe panayi: tsiku, uthenga, posayina mphunzitsi ndi posayina kholo. Lachisanu, mphindi 10 asanaweruke, mphunzitsi alembe pabolodi mizere yosapitirira isanu, ana akopere. Alembe mutu umene amaliza sabata imeneyo, umene ayambe Lolemba, zoti mwana abweretse monga rula kapena khasu la kumunda wa sukulu, ndi tsiku la mayeso kapena la masewera. Lolemba m'mawa mtsogoleri wa mzere uliwonse aone amene asayinitsa, mphunzitsi angolandira mayina a amene sanasayinitse. M'kalasi ya ana 80 kapena 100 munthu mmodzi sangaone makope onse, ndipo akayesa amatopa sabata yachitatu, kope n'kufa. Limafanso likamalembedwa m'Chingerezi, kapena likamangolembedwa pofuna ndalama ndi ponena zolakwa za mwana, chifukwa pamenepo mwana amayamba kulibisa kapena kudzisayinira yekha."

Zikomo aphunzitsi. Pa za kudzisayinira ndiwonjezere pang'ono. Kumayambiriro kwa chaka, kholo kapena agogo amene akulera mwanayo asayine kamodzi pamaso pa mphunzitsi mkati mwa chikuto cha kopelo, kuti pakhale pofananizira. Amene salemba adinde chala, ndipo uthenga awawerengere munthu wina, kaya mkulu wake wa mwanayo kaya woyandikana naye nyumba, osati mwini kope nthawi zonse.

Mwanena za Chingerezi, ndipo pamenepo mpamene makolo ambiri amatayira mtima. M'masukulu a boma ana amaphunzira kwambiri m'Chichewa mpaka Sitandade 4. Kuyambira Sitandade 5 mabuku ndi mayeso a Masamu, Sayansi ndi maphunziro ena amakhala a m'Chingerezi. Mwana amene anali kuchita bwino amatha kutsika chaka chimenechi, osati chifukwa cha ulesi, koma funsolo sakulimva. Kholo nalonso limatsegula kope, n'kuona chilankhulo chimene silichidziwa, n'kulitseka. Musatseke, amayi ndi abambo. Pali zinthu zimene mungaone popanda kudziwa Chingerezi. Onani madeti a pamwamba pa ntchito: ngati m'kope la Masamu mwadutsa masabata awiri osalembedwamo, mwana akujomba kapena kalasiyo ili ndi vuto, ndipo zonse ziwiri nzofunika kukafunsa. Onani ngati mphunzitsi akuchonga. Onaninso ngati mwana akukonza zimene analakwa pansi pa ntchitoyo. Kenako muuzeni akufotokozereni m'Chichewa chimene waphunzira lero. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti anangokopera.

Kalata yachiwiri ndi ya alembi a komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Luchenza.

"Gulu la WhatsApp limathandiza pokhapokha likhale ndi malamulo. Likhale la kalasi imodzi, osati la sukulu yonse. Olemba akhale awiri okha, mphunzitsi wa kalasi ndi kholo limodzi losankhidwa, ena onse azingowerenga. Mukalitsegula kwa aliyense, pofika Lachitatu uthenga wa mayeso wakwiririka ndi moni wam'mawa, malonda ndi ndale. Uthenga ukhale wa mawu olemba kapena wojambula mawu wosapitirira mphindi imodzi, chifukwa zithunzi ndi makanema zimadya bandulo. Malikisi a mwana, ngongole ya kholo kapena mlandu wa mwana zisaikidwe pagulu. Zimenezo nzoimbirana awiri. Ndipo za ndalama zisayambire pafoni. Zigwirizanidwe pamsonkhano, zilembedwe m'kalata yodindidwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo wopereka alandire lisiti. Akuba amadziwa kuti kholo likamva kuti mwana wadwala kusukulu limatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba lisanafunse. Mukalandira uthenga wotero kuchokera pa nambala yachilendo, yambani mwaimbira nambala ya mphunzitsi imene munapatsidwa pamsonkhano."

Ndagwirizana nazo zonse, bambo mlembi, koma gulu limeneli lisakhale njira yokhayo. M'kalasi iliyonse muli makolo a foni ya mabatani, ndi ena amene alibe foni. Amene ali pa WhatsApp aliyense atenge mabanja atatu kapena anayi a m'mudzi mwake oti aziwauza, ndipo mayina awo alembedwe kuti tidziwe amene akuuza yani. Uthenga umodzimodziwo ulowenso m'kope.

Tsopano timve amayi a gulu la Mother Group a ku Limbuli.

"Aphunzitsi amadandaula kuti makolo sabwera kumsonkhano, koma taonani nthawi imene amaitanira. Teremu yachiwiri imagwera m'dzinja, pamene tiyi waphuka kwambiri ndipo othyola m'maesiteti ndi m'minda yawo amalawirira m'mamawa. Munthu wolipidwa potengera makilogalamu sangasiye dengu 9 koloko m'mawa chifukwa cha msonkhano. Tsiku la msika nalonso ndi lotayika. Itanani Loweruka masana kapena Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi, ndipo uthenga upite kudakali masiku 7, kudzera m'kope, kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Nenani mutu wa msonkhano ndi nthawi yothera. Ola limodzi ndi theka lakwana. Yambani ndi za maphunziro, za njerwa ndi mchenga zibwere kumapeto, chifukwa mukayamba ndi zopereka anthu amachoka asanamve za ana awo. Makolo akhale m'kalasi ya mwana wawo ndi mphunzitsi wake, osati onse pabwalo limodzi. Chinanso, za kujomba musadikire msonkhano. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana m'kaundula, mphunzitsi atiuze ife a Mother Group tsiku lachitatulo, tikafike pakhomo. Nthawi zambiri kholo limaganiza kuti mwana wapita kusukulu, chonsecho ali kumsika kapena kuganyu. Atsikana a Sitandade 6 kupita m'tsogolo ena amajomba masiku angapo mwezi uliwonse akakhala kumwezi, chifukwa chosowa zodzisamalira. Zimenezi mtsikana sangauze mphunzitsi wamwamuna, koma ife amatiuza."

Amayi, mwalankhula zoona, ndipo mfundo ya masiku atatuyi ndikufuna aphunzitsi akuluakulu aimve. Mwana amene wajomba masiku atatu amabwerera mosavuta. Amene wajomba mwezi wathunthu amachita manyazi ndi anzake, ndipo mitu imene yamudutsa yachuluka. Makolo adziwenso kuti mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera akabereka. Kayambireni kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati zavuta pitani kwa mlangizi wa zamaphunziro wa zoni yanu, amene timamutcha PEA, ku ofesi yake ya TDC, malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi a m'zoniyo. Ngati a Mother Group apeza kuti mwana akuchitidwa nkhanza kapena akukakamizidwa ukwati, nambala yaulere ya ana ndi 116.

Aphunzitsi aakulu opuma pantchito a ku Bvumbwe alemba za lipoti la kumapeto kwa teremu.

"Makolo ambiri amangofunsa kuti wakhala nambala chiyani. Nambala imanena za anzake, osati za iye. Mwana angakhale nambala 12 mwa ana 90 koma Masamu ali ndi 38 pa 100. Werengani phunziro lililonse palokha, ndipo ikani lipoti la teremu ino pambali pa la teremu yatha. Phunziro limene latsika ndi malikisi 15 kapena kuposa, kafunseni mphunzitsi wake sabata yoyamba potsegulira, mutatenga kope ndi pepala la mayesolo. Funso labwino si lakuti 'mwana wanga akuchita bwanji', pakuti yankho lake ndi lakuti 'akuyesetsa'. Funsani kuti ndi mutu uti umene wamuvuta, ndipo kunyumba achite chiyani mphindi 30 madzulo aliwonse. Lipoti likatengedwe ndi kholo pa tsiku lotsekera ngati n'kotheka. A Sitandade 8 adziwe kuti pa mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB kukhoza ndi kusankhidwa nzosiyana. Mwana angakhoze koma osapeza malo ku sekondale, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amatsata amene akhoza bwino koposa. Choncho phunziro limodzi lofooka limamugwetsa ngakhale enawo ali bwino. Pa nthawi yolembetsa mayeso, kholo lipite likaone ndi maso mmene dzina, tsiku lobadwa ndi zina zalembedwera pamndandanda. Chilembo chimodzi cholakwika chimakalowa pa satifiketi, ndipo kukonza pambuyo pake kumavuta kuposa kukonza mndandanda usanatumizidwe."

Zikomo aphunzitsi. Kwa a ku sekondale, chimodzimodzi pa JCE, mayeso a Fomu 2 amene anayambiranso mu 2021 atakhala ataimitsidwa zaka zingapo. Dzina likhale lofanana ndi la pa satifiketi ya Sitandade 8. Ku Fomu 1 kuli chinthu china chimene chimasokoneza makolo: mwana sakhalanso ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri, phunziro lililonse lili ndi mwini wake. Musazungulire onsewo. Dziwani dzina ndi nambala ya mphunzitsi woyang'anira kalasiyo, ndiye khomo lanu. Ndipo ngati mwana akukhala m'nyumba ya lendi pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo n'kutali, sukulu idziwe kumene akukhala ndi munthu wamkulu amene akumuyang'anira.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa wapampando wa komiti ya sukulu ina cha ku Muloza. Akufunsa kuti mvula ikagwa usiku wonse, mitsinje n'kudzaza, makolo adziwe bwanji ngati kuli sukulu.

Bambo wapampando, zimenezi zisakonzedwe tsiku la mvulalo. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ochokera m'phiri la Mulanje anakokolola milatho ndi midzi ndipo sukulu zinatsekedwa. Mitsinje ya kuno imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kwanu sikunagwe mvula yambiri, chifukwa yagwa kuphiri. Pamsonkhano wa teremu yoyamba, mvula isanayambe, lembani midzi imene ana ake amawoloka mtsinje, ndipo mudzi uliwonse usankhe munthu mmodzi wa foni wokhala pafupi ndi powolokera. Iyeyo aone madzi pofika 6 koloko m'mawa, aimbire mphunzitsi wamkulu, ndipo auze mabanja a m'mudzi mwake. Gwirizanani kuti mwana amene watsala chifukwa cha mtsinje sapatsidwa chilango, apo ayi adzawoloka poopa chilangocho. Madzi akadzaza ana ali kale m'kalasi, asatulutsidwe kuti athamangire kwawo. Akhale pasukulu ndi aphunzitsi mpaka makolo abwere kapena madzi aphwe, ndipo mabanja a pafupi ndi sukulu amene angagoneke ana a kutsidya adziwike kale mayina awo. Ntchito imene yawadutsa, mphunzitsi ailembe m'kope la mauthenga tsiku limene abwerera, ndi masamba a buku oti awerenge.