Chimene Chimauza Selo Kuti Lidikire

Zikomo amayi apampando, ndi nonse amene mwatsalira mapemphero atatha. Ena mukwera taxi mpaka ku Tembisa, choncho sinditalikitsa.

Mwana akadzicheka chala ndi mpeni, pakatha sabata bala lapola. Maselo a khungu, tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi, agawikana, limodzi n'kukhala awiri, mpaka pabalapo patsekeka. Nanga chimawaletsa n'chiyani kuti asapitirire?

M'kati mwa selo muli puloteni yotchedwa CDK, imene imayendetsa kugawikana kwake. Payokha ili ngati chigayo chozima. Imalira pokhapokha mnzake, cyclin, akabwera kudzaigwira. Cyclin ameneyu anamutulukira Tim Hunt mu 1982, m'mazira a kanyama ka m'nyanja ka minga thupi lonse, ndipo mu 2001 iye, Paul Nurse ndi Leland Hartwell analandira mphoto ya Nobel. Koma ngakhale awiriwa agwirane, selo silipupuluma. Puloteni ina, Wee1, imamata kachidutswa ka fosifeti pa CDK, ngati loko pachitseko cha chigayo. DNA, imene imasunga malangizo onse a selo, ikakopedwa yonse bwinobwino kuti maselo awiriwo apeze lililonse yake, Cdc25 imadzachotsa kachidutswako, selo n'kuyamba kugawikana. Ntchito ikatha, cyclin amamangiriridwa kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, monga timamangira nkhuku miyendo tsiku loipha, basi n'kuphwanyidwa.

Tsono pondiwawa mtima ndi apa, abale anga. Tili ndi mlonda m'selo, dzina lake p53. DNA ikawonongeka, iye amaimitsa zonse. Kachilombo ka HPV kamapanga puloteni yake, E6, imene imachititsa kuti chingwe cha ubiquitin chija chimangidwe pa mlondayo. Selo limapha mlonda wake lokha! Likatero limangogawikana, lowonongeka lomwelo. Umu ndi mmene imayambira khansa ya khomo la chiberekero, imene yatilanda amayi ambiri kwathu ku Malawi. Azakhali anga tinawaika m'manda atabisa kutaya magazi chaka chathunthu, ati manyazi.

Matendawa amafuka pang'onopang'ono, kawirikawiri zaka 10 kapena kuposerapo. Amayi, pitani kukiliniki mukapemphe Pap smear, kuyeza khomo la chiberekero, musanamve kupweteka kulikonse, makamaka ngati muli ndi HIV. Abambo, aperekezeni.

Kuno ku South Africa katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'sukulu za boma mu 2014, kwa atsikana oyambira zaka 9. Kwathu anayamba mu 2019. Fomu yake imabwera m'chikwama cha mwana, nthawi zina itapindikira pansi pa mabuku. Madzulo ano kafufuzenimo, mukaipeza musaine.