Makalata a Omvera: Kate Winslet ndi Nkhani ya Kuvula m'Mafilimu

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata. Sabata ino makalata atatu akukhudza munthu mmodzi, Kate Winslet, katswiri wa zisudzo wa ku England amene ambiri kuno kwathu amamudziwa ndi dzina lakuti Rose chifukwa cha filimu ya Titanic. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji, ndipo ikuti:

"Ine ndine mayi wa ana anayi. Tsiku lina tinkaonera Titanic pabalaza pamodzi ndi apongozi anga, ndipo pamene mtsikana uja anavula kuti mnyamata amujambule, ndinasowa poyang'ana mpaka ndinanamizira kukasonkhezera moto kukhitchini. Mwana wanga wamkulu akuti mayi ameneyu wavulanso m'mafilimu ena ambiri ndipo azungu anamupatsa mphoto. Kodi mphotoyo ndi ya kuvula? Nanga munthu wotere akusiyana pati ndi woyendayenda?"

Amayi, manyazi amene munachita pamaso pa apongozi palibe amene angawadabwe, koma mphoto imene mwana wanu akunena si ya kuvula ayi. Kate Winslet anabadwira m'tauni ya Reading mu 1975, anayamba kuonekera m'mafilimu mu 1994, ndipo pamene Titanic inkatuluka mu 1997 n'kuti ali ndi zaka 22. Mphoto ya Oscar anailandira mu 2009, atapikisanapo kasanu osaphula kanthu, chifukwa cha filimu ya The Reader, mmene anasewera ngati Hanna Schmitz, mayi wa ku Germany amene anali mlonda wa akaidi mu ulamuliro wa Hitler. Mayiyo sankadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo ankachita nazo manyazi kwambiri moti m'khoti analolera kuvomera kuti ndiye analemba lipoti limene sanalembe, n'kugamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, kusiyana n'kuti aulule kuti sadziwa kugwira cholembera. N'zoona kuti kumayambiriro kwa filimuyo amaoneka ali maliseche kangapo, pa chibwenzi chake ndi mnyamata wamng'ono kwambiri kwa iye, koma nkhaniyo siyamikira chibwenzicho, imaonetsa mmene chinamusokonezera mnyamatayo mpaka ukulu wake, ndipo ojambula anachita kudikira kuti David Kross, amene anasewera mnyamatayo, akwanitse zaka 18 asanajambule zigawo zimenezo. Chimene anthu anayamikira ndi luso losewera munthu amene woonera amanyansidwa naye kwinaku akumumvera chisoni, kuchokera ali mayi wamphamvu zake kufikira atakalamba m'ndende, akuphunzira yekha zilembo pomvetsera matepi.

Dzina lakuti woyendayenda ndiye ndikulikana, amayi. Filimu yolaula imapangidwa n'cholinga chimodzi chokha, ndipo mukachotsamo zamaliseche simutsala kanthu, pamene mu The Reader mungachotse zigawo zonsezo koma mlandu wa kukhoti ndi funso la amene anapha akaidi zidzatsalabe. Amene amasewera mfiti pa sewero la pawailesi sitimuthamangitsa m'mudzi, pakuti timadziwa kuti wangobwereketsa mawu ake kwa munthu wa m'nkhani. Komabe sindikukuuzani kuti muzikonda zimenezi, ndipo ine ndemwe ndimaona kuti opanga mafilimu ambiri amavulitsa akazi pongofuna kukopa oonera, makamaka pamene mwamuna amene akusewera naye wavala mpaka nsapato.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene ali m'gulu la zisudzo. Iye akuti: "Ndimalakalaka nditadzafika patali ndi luso langa, koma nkhani imeneyi imandiopsa. Kodi akazi amenewa amavula mwa kufuna kwawo, kapena amachita kukakamizidwa ndi mabwana a filimu? Nanga pojambula pamakhala anthu angati?"

Chemwali, mwafunsa funso limene ine ndimaliona kuti ndilo lalikulu pa nkhani yonseyi, chifukwa chofunika kudziwa si kukula kwa khungu limene laoneka, koma amene anagamula kuti lioneke. Kale zinthu zinali zoipa ndithu. Mu 1972 Maria Schneider wa ku France, ali ndi zaka 19, anasewera mu Last Tango in Paris pamodzi ndi Marlon Brando, amene anali ndi zaka 48. Wotsogolera filimuyo, Bernardo Bertolucci, anagwirizana ndi Brando za mmene ajambulire chigawo china chogwirira mkazi, osamufotokozera mtsikanayo zonse, ndipo patapita zaka zambiri Bertolucci mwiniwakeyo anavomera kuti anamubisira dala pofuna kuti manyazi ake pa kanema akhale enieni. Schneider ananena poyera kuti anamva kunyozeka, ndipo anamwalira mu 2011 dziko likumudziwabe ndi chigawo chimodzi chimenecho ngakhale anasewera m'mafilimu ena ambiri.

Masiku ano ku America bungwe la anthu azisudzo la SAG-AFTRA lili ndi malamulo ake. Wosewera ayenera kupatsidwa chikalata chofotokoza chiwalo chimene chidzaoneke ndi zimene adzachite, kudakali maola osachepera 48 kuti ajambule, ndipo popanda siginecha yake palibe chojambulidwa. Ngati wasintha maganizo kamera isanayambe ali ndi ufulu wokana, ndipo eni filimu angathe kupeza munthu wina womuimira. Pa tsikulo m'chipindamo mumatsala okhawo amene ntchito singayende popanda iwo, ena onse amatulutsidwa, ndipo osewera amavala tinsalu tofanana ndi khungu timene kamera siitiona bwino, pamene wosamalira zovala amakhala chire pambali ndi mkanjo woti awafunditse akangomaliza. Kuyambira mu 2018 kampani ya HBO inayamba kulemba ntchito akatswiri otchedwa intimacy coordinator, amene amakonzeratu mayendedwe onse a zigawo zotere ndi kuimira wosewera ngati wotsogolera wayamba kupyola pamene anagwirizana. Winslet ananenapo kuti akanakonda akanakhala ndi munthu wotere pamene anali mtsikana, chifukwa nthawi imeneyo ankayenera kudziyankhulira yekha pakati pa anthu akuluakulu omuposa mphamvu.

Chimene chimandichititsa chidwi mwa mayi ameneyu n'chakuti atakula anayamba kulamula yekha za thupi lake, ndipo sanalamule kuti alikongoletse. Mu 2003 magazini ya GQ inachepetsa miyendo yake pa chithunzi cha pachikuto pogwiritsa ntchito kompyuta, iye n'kudandaula poyera kuti saoneka choncho ndiponso safuna kuoneka choncho. Mu 2021, ali ndi zaka 45, anasewera wapolisi wotopa ndi mavuto a m'banja mu sewero la pa TV la Mare of Easttown, ndipo pamene wotsogolera anafuna kudula malo amene mimba yake inkaoneka yotuluka, anakanitsitsa. Koma musaiwale, chemwali, kuti mphamvu yokana choncho ili ndi munthu amene dzina lake limagulitsa filimu. Mtsikana wongoyamba kumene amaopa kuti akakana sadzaitanidwanso, n'chifukwa chake ndikukulangizani kuti chilichonse chokhudza thupi lanu chizilembedwa papepala musanapite kojambula, ngakhale wopanga filimuyo ali mnzanu wa kutchalitchi, ndipo muzipita ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira.

Kalata yomaliza ndi ya bambo wina wa ku Ndirande, amene akudandaula kuti ana a sukulu akuonera mafilimu otere m'mavidiyo sho ndi m'mafoni, ndipo akufunsa ngati kuno kulibe lamulo.

Lamulo lilipo, bambo. Ndi la Censorship and Control of Entertainments Act la mu 1968, limene linakhazikitsa bungwe la Censorship Board loyang'anira mafilimu ndi malo oonetsera. Vuto n'lakuti lamulolo linalembedwa nthawi imene filimu inkaonetsedwa m'holo yokhala ndi munthu pakhomo, pamene lero mwana amangopita ndi memore khadi kwa obena nyimbo, n'kubwerako ndi mafilimu khumi opanda chikuto chilichonse chosonyeza zaka. Kumene mafilimuwa amachokera amakhala atawaika kale m'magulu. Titanic ku Britain inaloledwa kwa a zaka 12 kupita m'mwamba, pamene The Reader inaikidwa pa zaka 15, ndipo ku America The Reader yomweyo ili ndi chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa popanda kholo kapena womuyang'anira. Mukalemba dzina la filimu pa intaneti chizindikirocho chimaoneka pamodzi ndi chifukwa chake, kaya ndi zamaliseche, zachiwawa kapena zotukwana, ndipo zimenezi mungazione pa foni yanu musanalole kuti filimuyo iikidwe pabalaza. Za mavidiyo sho olowetsa ana, kadandauleni kwa amfumu a m'dera lanu kapena kupolisi, mutatenga dzina la malowo ndi nthawi imene amaonetsa.